Kodi ku Galway n'koyenera kupita ndi amayi okalamba?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ya unamwino ku Leeds, m'dziko la England. Akuti amayi ake akubwera kuchokera ku Dedza kudzacheza m'mwezi wa Juni, ndipo iye wapempha masiku asanu a tchuthi. Mnzake wa kuntchito, yemwe kwawo ndi ku Ireland, akumuumiriza kuti awatengere ku Galway osati ku Dublin. Amayiwo ali ndi zaka 68, bondo limawavuta, ndipo ndi Akatolika osaphonya Misa. Onse awiri ali ndi mapasipoti a Malawi. Akufunsa ngati angalowe ndi mapepala awo a ku UK, komanso ngati ku Galway kuli chinthu choti munthu n'kuwolokera nyanja.

Achemwali, mnzanuyo wakulangizani bwino. Koma tiyambire pa mapepala, poti m'pamene anthu athu ambiri amapunthwa asananyamuke n'komwe.

Ireland ndi dziko palokha. Si mbali ya UK, ndiponso sili m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya olowa ndi viza imodzi, choncho chiphaso chanu chogwirira ntchito ku England sichikutsegulirani khomo la ku Dublin. Mgwirizano woti anthu aziyenda momasuka pakati pa mayiko awiriwa, wotchedwa Common Travel Area, ndi wa nzika za Britain ndi za Ireland zokha. Inu ndi amayi nonse mufunika viza ya Ireland yokachezera, ija ya mtundu wa C, yomwe imalola munthu kukhala mpaka masiku 90. Fomu yake imalembedwa pa intaneti, ndipo malipiro ake ndi mayuro 60 ngati mukulowa kamodzi. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti viza imapemphedwa munthu ali m'dziko lomwe amakhala mwalamulo. Inu mupempha muli ku England konko, koma amayi, poti ku England akubwera ngati mlendo, apempheretu ali ku Malawi asanakwere ndege. Ireland ili ndi ofesi ya kazembe wake ku Lilongwe kuyambira 2007, ndipo n'komwe angakafunse ndondomeko yake. Yambani pakadali miyezi iwiri kapena itatu, ndipo musagule matikiti osabweza ndalama viza isanatuluke.

Wina adzakunong'onezani kuti ingokwerani ndege ya ku Belfast, kenako basi yolowera kummwera, poti pamalire palibe chipata. Chipata palibedi, koma apolisi a ku Ireland, omwe amatchedwa Garda, amaimitsa mabasi mumsewu umenewo n'kufunsa mapasipoti, ndipo kulowa wopanda viza ndi mlandu. Munthu amene chiphaso chake cha ntchito chili m'manja mwa boma la eni asaputire dala moto wotero chifukwa cha tchuthi. Achikulire ena akakuuzani kuti iwo anangopita opanda viza, sakunama. Kale Amalawi ankalowadi choncho, koma lamulo linasintha. Ngakhale anzathu a pasipoti ya South Africa anayamba kufunsidwa viza mu Julayi 2024.

Ulendo wake ndi wosavuta. Kuchokera ku Leeds Bradford kukatera ku Dublin ndi pafupifupi ola limodzi. Bwalo la ndege la ku Galway linasiya kunyamula anthu mu 2011, ndiye mukatera ku Dublin mumadula chilumba chonse kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo, makilomita 200 ndi pang'ono. Mabasi a Citylink amanyamukira pabwalo la ndege pomwepo ndipo amatenga maola awiri ndi theka kapena atatu. Sitima imanyamukira pa siteshoni ya Heuston m'kati mwa Dublin, ndiye muyenera kuyamba mwalowa m'tauni. Ndi bondo la amayi komanso zikwama, ine ndingakwere basi popita. Pobwerera, nthawi ikalola, kwerani sitima kuti amayi akaone mtsinje wa Shannon pamene ikuwoloka pa Athlone. Zonse ziwiri zimakutsitsani pafupi ndi Eyre Square, pakatikati pa mzinda. Ndalama ndi yuro, mapaundi anu asiyeni ku Leeds. Masoketi a magetsi ndi omwe aja a mano atatu, ndipo magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu.

Tsono ku funso lanu lenileni. Galway ndi kamzinda kakang'ono. Anthu ake ndi pafupifupi 85,000, sakufika n'komwe pa a mumzinda wa Zomba, ndipo mbali yake yakale mukhoza kuidutsa wapansi m'mphindi 15, kuchokera pa Eyre Square kutsetsereka mpaka kumadzi. Alendo ambiri amafika madzulo n'kugona, m'mawa akwera basi yokaona maphompho a Moher, abwera ali wefuwefu, mawa lake basi ina ya ku Connemara, dera la mapiri kumadzulo kwa mzindawu, kenako n'kumauza anzawo kuti taona Galway. Chomwe aona ndi mpando wa basi. Kwa inu kuchepa kwa mzindawu ndiye mwayi wake, chifukwa amayi sadzayenda mtunda wotopetsa, ndipo paliponse pali poti n'kukhala pansi ndi kapu ya tiyi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa masiku anu asanu, awiri apita ndi ulendo. Awiri athunthu muupatse mzindawu, limodzi lotsalalo ndilo lotuluka kunja.

Kuti zomwe mukaone zimveke mutu wake, gwirani nkhani iyi. Galway inamangidwa pomwe mtsinje wa Corrib umathira m'nyanja, ndipo kwa zaka mazana ambiri mtsinjewo unkalekanitsa anthu a mitundu iwiri. Tsidya la kum'mawa kunali mabanja a amalonda a mtundu wa Anormani, obwera kuchokera ku England, omwe anakhazikika kumeneko Richard de Burgo atalanda malowo kwa eni nthaka cha m'ma 1230. Pofika cha m'ma 1270 anayamba kuzinga mudzi wawo ndi linga la miyala. Tsidya la kumadzulo, kunja kwa linga, kunali Claddagh, mudzi wa asodzi olankhula Chiairishi, a nyumba zofolera ndi udzu, okhala ndi mfumu yawoyawo yotsogolera mabwato ndi kuweruza milandu yawo. Mu 1484 mfumu Richard III ya England inapatsa mzindawu chilolezo chodzisankhira meya, ndipo kuchokera apo mabanja 14 ndiwo ankagawana mipando ndi malonda: a Lynch, a Blake, a Browne, a Kirwan, a Joyce, a Martin ndi anzawo. Anafika pokhazikitsa lamulo mu 1518 loti munthu wa dzina loyamba ndi O kapena Mac, kutanthauza mwini dziko weniweni, asamayende mwamatama m'misewu yawo. Mlendo kuletsa mwini mudzi kuyenda momasuka pa nthaka ya makolo ake. Amayi anu, amene anabadwa dziko lathu lidakali Nyasaland, nkhani yotere sadzafuna wowamasulira.

Mabanja amenewa ndiwo amatchedwa mafuko a Galway, ndipo mbendera zawo 14 zaimikidwa m'mbali mwa Eyre Square. Yambirani pomwepo. Pabwalopo pali khomo la miyala la nyumba ya banja la Browne, la chaka cha 1627, lomwe linachotsedwa kwina n'kudzaimikidwa lokhalokha, khomo lopanda nyumba. Palinso chikumbutso cha pulezidenti wa America John F. Kennedy, yemwe analankhula pamalopo mu Juni 1963, patatsala miyezi isanu kuti aphedwe. Ndiye lowani m'nyumba ya masitolo yotchedwa Eyre Square Centre. Sindikukutumani kukagula nsapato ayi. M'kati mwakemo, pakati pa masitolo a zovala ndi a mafoni, mwaima chigawo chachitali cha linga lenileni lakale pamodzi ndi nsanja zake. Omanga atalipeza anangolizinga ndi masitolo n'kulifolera.

Kuchokera apo tsikani ndi msewu wa anthu oyenda pansi, womwe umasintha maina ngati munthu wothawa ngongole: William Street, Shop Street, High Street, Quay Street. Kuli oimba m'mbali monse, ena aluso, ena ongoyesa mwayi. Langizo langa n'lakuti maso anu akhale m'mwamba, pamwamba pa zikwangwani za masitolo. Mudzaona miyala yosemedwa zizindikiro za mabanja awiri ndi chaka, yomwe inkaikidwa pakhoma mwana wa fuko lina akakwatira ku fuko linzake. Maukwati amenewo ndiwo ankasunga chuma kuti chisatuluke m'linga. Pamphambano ya Shop Street ndi Abbeygate Street pali Lynch's Castle, nyumba ya miyala yotuwa ya m'zaka za m'ma 1500, ya banja lomwe linatulutsa mameya ochuluka kuposa ena onse. Lero ndi banki, anthu amatapa ndalama pansi pa mitu ya zilombo zosema yomwe inkalavula madzi a mvula kuchokera padenga.

Pomwe ndikufuna mukhalitse ndi pa tchalitchi cha St Nicholas, chomwe chili pang'ono kutsika kuchokera pamenepo. Chinamangidwa mu 1320 ndipo anthu akupempherabe momwemo, zaka 700 pambuyo pake. Nikolasi woyera ndi mtetezi wa anthu oyenda panyanja, ndiye n'zosadabwitsa kuti amalonda a zombo anasankha iyeyo. Muwauziretu amayi kuti lero tchalitchichi ndi cha Anglican, cha mpingo wa Church of Ireland, kuti asadabwe. Mmene chinachokera m'manja mwa Akatolika ndi mbali ya nkhani yomweyi. Mu 1652 asilikali a Oliver Cromwell, mtsogoleri wa nkhondo wa ku England, atazinga mzindawu pafupifupi miyezi isanu ndi inayi, anaulanda, ndipo anthu a kumeneko amasimba kuti m'tchalitchimo ankasungiramo akavalo awo. Yang'anani angelo osemedwa pa nsanamira: nkhope zawo n'zophwanyidwa. Yang'ananinso pansi pomwe mukuponda, chifukwa miyala yambiri ndi ya pamanda, ndipo ina ili ndi zizindikiro za ntchito ya womwalirayo, monga nyundo kapena lumo, kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga azindikire amene wagona pamenepo. Christopher Columbus analemba yekha kuti anafikapo ku Galway, ndipo ulendowo amauika mu 1477. Zoti anapemphera m'tchalitchimu ndi zomwe anthu amangosimba.

Kuseri kwa tchalitchi, mumsewu wa Market Street, kuli khoma lokhala ndi windo ndi chigaza chosema. Owongolera alendo adzakuuzani kuti pamenepo meya James Lynch anapachika mwana wake weniweni mu 1493, chifukwa chopha mlendo wa ku Spain, atasowa munthu wolimba mtima kugwira chingwe. Nkhani yake ndi yokoma kumva, koma akatswiri a mbiri sanapeze umboni wake, ndipo khomalo linasanjidwa m'zaka za m'ma 1800. Mvetserani ngati nthano ya pamoto. Ngati tsiku lanu lagwa pa Loweruka, kuzungulira tchalitchichi kumakhala msika wa ndiwo zamasamba, tchizi, buledi ndi nsomba, ndipo ndi wothithikana bwino lomwe, moti amayi adzamva ngati afika kwawo, kungoti palibe wonenerera mtengo.

Cromwell atalanda mzindawu, amalonda Achikatolika anathamangitsidwa, katundu wawo n'kulandidwa, ndipo nkhondo ina ya mu 1691 inangomalizitsa. Galway inasauka kwa zaka pafupifupi 300. Ine ndimaona kuti umphawi umenewo ndi womwe unasunga timisewu topanikizana tomwe alendo amajambula lero, poti panalibe wa ndalama zogwetsera n'kumanga zatsopano. Lowani mu Kirwan's Lane muone. Mu Druid Lane muli maziko a holo ya banja la de Burgo, ya m'zaka za m'ma 1200, yomwe inapezeka mu 1997 pokumba malo omangapo. Kuona kwake n'kwaulere ndipo mphindi khumi zikwana.

Kumapeto kwa Quay Street kuli Spanish Arch, yomwe imatchuka kuposa kukula kwake. Musayembekezere chinthu chachikulu, ndi kachipata chabe ka miyala, komangidwa mu 1584 kuteteza doko pomwe zombo za ku Spain, France ndi Portugal zinkatsitsa vinyo n'kukweza zikopa, nsomba ndi ubweya wa nkhosa. Mu 1755 chivomezi chomwe chinagumula Lisbon chinatumiza mafunde mpaka kuno, n'kuwononga mbali yake ina. Pabwalo la patsogolo pake ndi pomwe amayi a ku Claddagh ankadzagulitsa nsomba zomwe amuna awo agwira. Pambali pomwepo pali Galway City Museum, yolowa ulere, ndipo muli chikepe chokwezera anthu m'mwamba, choncho bondo silivutika. M'katimo mwapachikidwa bwato lathunthu la asodzi, matanga ake ali otambasula. Lolemba nthawi zambiri amatseka.

Wolokani mlatho wa Wolfe Tone mulowe ku Claddagh. Nyumba za udzu zija simuzipeza. Boma linati n'zosayenera kukhalamo ndipo zinagwetsedwa m'zaka za m'ma 1930, m'malo mwake n'kumanga nyumba wamba. Chotsala ndi doko, mbalame zoyera za makosi aatali zonga atsekwe zotchedwa swan, ndi mabwato akuda a matanga ofiirira otchedwa hooker, omwe kale ankanyamula nsomba komanso dothi lakuda la m'madambo lomwe anthu a kumeneko amaumitsa n'kusonkhera moto m'malo mwa nkhuni. Khalani pa benchi muyang'ane tsidya lomwe mwachokera. Mzere wa nyumba za utoto wosiyanasiyana wotchedwa Long Walk ndi womwe umaoneka pa zithunzi zonse za Galway, ndipo kuti muuone bwino muyenera kuima pomwe ankaima asodzi otsekeredwa kunja aja.

Mphete ya Claddagh inatenga dzina ku mudzi umenewu: manja awiri ogwira mtima, pamwamba pake chisoti chachifumu. Manja ndi ubwenzi, mtima ndi chikondi, chisoti ndi kukhulupirika. Wosakwatiwa amaivala kudzanja lamanja nsonga ya mtima italoza kunja, wokwatiwa kumanzere italoza m'kati. Amasimba kuti woyamba kuisula anali Richard Joyce, mnyamata wa ku Galway amene anagwidwa ndi achifwamba apanyanja n'kukagulitsidwa ukapolo ku Algiers kwa wosula golide, mpaka anamasulidwa cha mu 1689. Mzungu kukhala kapolo ku Africa, amayi anu adzafunsa kawiri ngati amva bwino. Sitolo ya Thomas Dillon mu Quay Street, yomwe inayamba mu 1750, ili ndi kachipinda kosonyeza mphete zakale. Ya siliva si yodula kwenikweni, ndipo ndi mphatso yopepuka kunyamula kupita ku Dedza.

Chenjezo limodzi pano. Corrib ndi mtsinje waufupi, makilomita asanu ndi imodzi okha kuchokera ku nyanja yake yakumtunda, koma madzi ake ndi aliwiro loopsa ndiponso ozizira, ndipo malo ena m'mphepete mulibe chotchinga. Usiku musayende chakumphepete.

Tsiku lachiwiri likhale la amayi. Kuchokera pa mlatho wa O'Brien pali kanjira kosalala kotsata mtsinje, madzi uku ndi uku, komwe kamakufikitsani ku Cathedral ya Akatolika. Ikuoneka yakale ndi denga lake lozungulira lobiriwira, koma inatsegulidwa mu 1965, pamalo pomwe panali ndende ya mzindawu. Pansi pake anayalapo mwala wobiriwira wa ku Connemara. Misa imachitika tsiku lililonse. Patsogolo pake pali mlatho wa Salmon Weir wa 1818, ndi wina watsopano wa oyenda pansi pambali pake. Mu Juni tsamirani pa chitsulo muyang'ane m'madzi: nsomba zikuluzikulu za salmon zimakhala zitandandalika, mitu italoza kumtunda, kudikira kukwera kukaikira mazira. Poyamba mumangoona mithunzi ngati miyala, kenako umodzi ugwedeza mchira, n'kuzindikira kuti pansi ponse ndi nsomba. Muwakumbutsenso amayi kuti Papa Yohane Paulo Wachiwiri anachita Misa ya achinyamata pabwalo la mpikisano wa akavalo la Ballybrit, kunja kwa mzindawu, pa 30 Seputembala 1979, pafupifupi zaka khumi asanafike ku Malawi mu Meyi 1989.

Masana kwerani basi nambala 401 pa Eyre Square yopita ku Salthill, komwe kuli msewu wa oyenda pansi wotsata gombe, wa makilomita awiri, wosalala, wa mabenchi ambiri. Kukacha bwino mumaona mapiri a miyala yotuwa a Burren tsidya lina la nyanja. Kumapeto kwake, pa Blackrock, eni mudzi amati akafika amamenya khoma ndi phazi kenako n'kutembenuka. Musafunse chifukwa chake, ingomenyani nanu. Pomwepo pali nsanja yodumphirapo, ndipo mudzaona agogo a imvi akudziponya m'madzi oti inu chala chokha simungaviike.

Koma pakati pa Claddagh ndi Salthill pali malo omwe mabasi a alendo saima, ndipo kwa munthu wa ku Dedza ndi ofunika kuposa ena onse. Mbatata ija timaitcha kachewere, yomwe ena amangoti ailishi, yomwe imadzaza misika ya m'mbali mwa msewu ku Dedza ndi ku Ntcheu, inali chakudya chokhacho cha amphawi a ku Ireland monga ilili nsima kwa ife. Mu 1845 chiwawu chinagwira mbatatayo, n'kumabwereranso zaka zotsatizana. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa ndi njala ndi matenda, ena oposa miliyoni n'kuthawira ku America ndi kwina, pamene mbewu zina ndi ng'ombe zinkakwezedwabe m'zombo kupita kunja. Kalembera wa 1841 anapeza anthu oposa mamiliyoni asanu ndi atatu pachilumbachi, ndipo mpaka lero chiwerengerocho sichinabwerere. Kumadzulo kuno n'komwe njalayo inaluma kwambiri. Malo ndikunenawa ndi paki ya m'mbali mwa nyanja yomwe inatchedwa dzina la Celia Griffin, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene anafika ku Galway ndi banja lake kuchokera ku Connemara kudzafuna chakudya, n'kumwalira ndi njala mu 1847. Pali miyala yolembedwa maina a zombo zomwe zinanyamula othawa njala. Mukaima pamenepo mumaona nsanja ya nyali pa kachilumba ka Mutton Island, kuwala komaliza kwa kwawo komwe okwera zombozo ankaona. Amayi anu anamva za njala ya 1949 kwa makolo awo, ndipo ya 2002 anaiona ndi maso. Asiyeni akhale pamenepo mpaka atanena okha kuti tiyeni.

Tsiku lotuluka kunja musankhe malo amodzi, osaphatikiza. Mukanakhala nokha ndikanati zilumba za Aran mosakayika: basi ya pafupifupi ola kupita ku doko la Rossaveal, boti la mphindi 40 kukafika ku Inis Mór, komwe anthu amalankhulabe Chiairishi pakhomo, ndi linga la miyala la Dún Aonghasa la zaka pafupifupi 3,000 lomwe lili pamphepete penipeni pa phompho. Koma kukafika pa lingalo n'kukwera chitunda cha miyala yosongoka, pamphepete palibe mpanda, ndipo nyanja ikakwiya botilo limasanzitsa. Si za bondo la zaka 68. Maphompho a Moher, omwe amafika mamita 214, ali ndi njira yabwino, koma nkhungu ikatsika mwalipira kukaona utsi woyera. Kwa inu awiri ndikuona malo awiri. Koyamba ndi Kylemore Abbey ku Connemara, nyumba yaikulu m'mbali mwa kanyanja pansi pa phiri, komwe masisitere a Benedikito akhala kuyambira 1920 atathawa nkhondo ku Ypres m'dziko la Belgium. Basi imakufikitsani pafupi, ndipo njira yake yonse ndi mapiri, madambo ndi nkhosa zopakidwa utoto pamsana. Kwachiwiri ndi Knock, makilomita pafupifupi 70 chakumpoto, komwe pa 21 Ogasiti 1879 anthu 15 anachitira umboni kuti aona Maria, Yosefe ndi Yohane pakhoma la tchalitchi, mvula ili kugwa. Papa Francis anafikako mu 2018. Malowo ndi athyathyathya, okonzedwera odwala ndi okalamba. Afunseni amayi, koma ndikudziwa kale chomwe ayankhe.

Za nyengo, mwasankha mwezi wabwino. Mu Juni kumada cha m'ma 10 koloko usiku, moti amayi adzakana kugona poona dzuwa lidakalipo. Masana kumazizira ngati Juni wa ku Dedza komweko, ndiye sizidzawadabwitsa. Chachilendo ndi mvula, yomwe ilibe nyengo yake: imagwa, kuwala dzuwa, n'kugwanso, zonsezo musanamalize kapu ya tiyi. Ambulera ndi yongotaya, mphepo ya ku Atlantic imaitembenuza ngati bowa. Gulani majekete osalowa madzi okhala ndi chipewa chake, juzi m'kati, ndi nsapato zosaterera. Malo ogona sungitsani panopa. Kumapeto kwa Julayi, nthawi ya chikondwerero cha zaluso ndi mpikisano wa akavalo, mitengo imapenga, koma ngakhale mu Juni zipinda zimatha msanga. Nyumba zambiri za alendo ndi zakale, za masitepe opanikiza, choncho pemphani chipinda chapansi. Musagone mu Quay Street penipeni, phokoso limafika pakati pa usiku; cha ku College Road kapena ku Salthill kuli bata.

Chakudya n'chodula kuposa ku Leeds. Chotsika mtengo ndi chokhutitsa ndi supu wa nsomba wokhuthala wotchedwa chowder, amene amabwera ndi buledi wofiirira ndi batala. Nsomba yokazinga ndi tchipisi ya kwa McDonagh's mu Quay Street ndi yotchuka, ndipo mbale imodzi ikhoza kukwanira anthu awiri osadya kwambiri. Pa chakudya cham'mawa, kozungulira kakuda kaja ndi magazi a nkhumba osakaniza ndi mbewu. Ngati amayi sadya zotero, neneretu. Nkhono zam'nyanja zodya zosaphika, zomwe Galway imanyadira nazo mpaka kuzichitira chikondwerero mu Seputembala kuyambira 1954, yesani inuyo, amayi musawakakamize.

Anthu ake ndi okonda kucheza, ndipo nkhope yakuda si yachilendo mumzinda wa yunivesite ndi chipatala chachikulu. Achikulire ena mukatchula Malawi amayamba kusimba za wansembe kapena sisitere wa kubanja kwawo amene anagwira ntchito ku Africa, poti ansembe a Kiltegan ndi abale a St John of God ochokera ku Ireland akhala akutumikira ku Mzuzu kwa zaka zambiri.

Chomaliza ndi nyimbo, ndipo apa mufunika kuwanyengerera amayi, chifukwa zimaimbidwa m'mabala. Auzeni kuti bala la kumeneko ndi bwalo la mudzi, anthu amalowa ndi agogo awo n'kuitanitsa tiyi kapena chakumwa chozizira popanda wowayang'ana kawiri. Ku Tig Cóilí ndi kwa Taaffes oimba amayamba chakumadzulo kusanade, anthu asanaledzere, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yanu. Palibe nsanja kapena chimkuzamawu. Anthu anayi kapena asanu amangokhala pakona ndi vayolini, chitoliro, kodiyoni ndi kang'oma kathyathyathya kotchedwa bodhrán, wina ayamba, ena n'kumulowerera. Mipando ya pakonapo ndi ya oimba, musakhalepo. Wina akayamba kuimba ndi pakamwa pokha, bala lonse limati zii, nanunso khalani chete mpaka amalize.

Phunzirani mawu awiri a Chiairishi musanalowemo, chifukwa zitseko za zimbudzi nthawi zina zimalembedwa m'chinenero chimenecho chokha. Fir ndi amuna, Mná ndi akazi. Ine ulendo wanga woyamba ndinaona M, ndinati basi ndi kwathu kwa abambo uku, n'kukankha chitseko molimba mtima. Gogo wina amene ankadzola milomo pagalasi anangondiyang'ana, n'kuloza khomo linalo ndi chala, osasiya n'komwe zomwe ankachita.